Damu la Matope a Mgodi Lisamayezedwe ndi Mwini Wake

M'mamawa wa pa 11 Seputembala 2022, khoma la damu losungira matope a mgodi wa dayamondi linagumuka m'tauni ya Jagersfontein ku South Africa. Matope otuwa anakokolola nyumba, magalimoto ndi ziweto, ndipo anthu anafa. Matopewo asanaume n'komwe, akuluakulu anali atayamba kale kukankhirana mlandu. Nduna yoona za migodi, a Gwede Mantashe, inati unduna wawo unalibe mphamvu pa damulo chifukwa chigamulo cha khoti cha mu 2007 chinachotsa milu yakale ya zotsalira za mgodi m'manja mwa lamulo la migodi. Kuyambira pamenepo mkangano womwe umabuka nthawi iliyonse damu lotere likagumuka unatenthanso. Ena akuti boma lisamalowerere kwambiri pa katundu wa kampani, pakuti mwini chinthu ndiye amachidziwa ndi kuchisamala. Ena akuti damu lomwe lili pamwamba pa mitu ya anthu silingakhale nkhani ya kampani yokha. Ine ndili mbali yachiwiriyi. Kampani ikhoza kukhala mwini wa damu, koma isakhale mwini wa chigamulo choti damulo ndi lolimba. Woliyeza asasankhidwe ndi kulipidwa ndi mwini damu, zimene wapeza zidziwike kwa anthu okhala kumunsi, ndipo ndalama yodzatsekera damulo ndi kukonza zowonongeka iperekedwe ngati chikole ntchito yokumba isanayambe.

Kuti timvetsetsane, tiyambe ndi chinthu chenichenicho. Mwala wochokera mumgodi suli ndi chuma chokhachokha. M'migodi yambiri ya kopa masiku ano, pa matani 100 a mwala omwe akumbidwa, kopa weniweni safika ngakhale tani imodzi. Golide ndiye amawerengedwa m'magalamu pa tani iliyonse. Choncho mwalawo umaphwanyidwa ndi kuperedwa mpaka kusanduka fumbi, kenako umasakanizidwa ndi madzi ndi mankhwala kuti chofunikacho chilekane ndi zina. Chotsalacho ndi matope amadzimadzi omwe amapopedwa m'mapaipi kupita kudamu. M'matopemo mumatha kukhala zinthu zapoizoni monga arsenic, mtovu, cyanide kapena asidi, malinga ndi mtundu wa mgodi ndi njira yomwe agwiritsa ntchito. Ndiye tikamati mgodi ukutulutsa kopa kapena golide, tizikumbukira kuti chomwe ukutulutsa chochuluka kuposa china chilichonse ndi matope, ndipo matopewo sapita kumsika. Amatsala pomwepo ngakhale mgodi utatsekedwa, ngakhale kampani itasintha dzina kapena kutha.

Apa ndi pomwe pali kusiyana kwakukulu ndi damu la madzi. Damu la madzi limamangidwa kamodzi, lonse lathunthu, ndipo limabweretsa ndalama kwa mwini wake kudzera m'magetsi, ulimi wothirira kapena madzi akumwa, moti kulisamala n'kusamala phindu. Damu la matope silibweretsa ndalama iliyonse. M'mabuku a kampani limangooneka ngati chodyera ndalama, ndipo limakwezedwa pang'onopang'ono kwa zaka makumi ambiri pomwe matope akuchuluka, mainjiniya ndi mabwana akusinthanasinthana. Njira yotchipa kwambiri yolikwezera, yomwe akatswiri amaitcha upstream, ndi yomanga khoma latsopano pamwamba pa matope akale omwe aoneka ngati auma. Vuto lake n'lakuti matope oterewa akadzadza madzi m'kati, amatha kusungunuka mwadzidzidzi n'kuyamba kuyenda ngati madzi, kaya chifukwa cha chivomezi, mvula yambiri, kubowola, kapena kulemera kwa khoma lenilenilo. Khoma lomwe dzulo linkaoneka lolimba limatha m'masekondi ochepa. Pali njira zina zolimba, monga kukwezera khoma kunja pa nthaka yeniyeni, kapena kufinya madzi m'matope n'kuwaunjika ali ouma, koma zonsezo zimadya ndalama zambiri. Choncho tsiku lililonse mwini damu amakhala pakati pa njira yotchipa ndi njira yolimba, ndipo woika moyo pachiswe akasankha molakwika kawirikawiri ndi munthu wina.

Otsutsana nane ali ndi mfundo yoyamba yomwe ndi yomveka ndithu. Iwo amati palibe amene amaopa kugumuka kwa damu kuposa kampani yomwe, chifukwa ikatero imataya mgodi, mbiri yabwino ndi ndalama zankhaninkhani. Amatchula kampani ya Vale ku Brazil, yomwe mu 2021 inavomera kulipira ndalama zoposa mabiliyoni 37 a ndalama ya dzikolo chifukwa cha ngozi ya ku Brumadinho. Kampani yanzeru, iwo amatero, singalole zimenezi kuchitika dala, ndiye mantha a chilango chotere ndi okwanira kuisunga panjira. Koma tiyang'ane bwino chitsanzo chomwecho. Damu la mgodi wa Vale wa Córrego do Feijão ku Brumadinho linagumuka pa 25 Januwale 2019 nthawi ya nkhomaliro, n'kupha anthu 270. Ambiri mwa iwo anali antchito a pamgodi pomwepo, pakuti maofesi ndi chipinda chodyera zinamangidwa kumunsi kwenikweni kwa khomalo. Izi zinachitika patangodutsa zaka zitatu ndi miyezi yochepa chigumukire damu la Fundão ku Mariana, ku Brazil komweko, la kampani ya Samarco, yomwe eni ake ndi Vale yomweyo pamodzi ndi kampani ina ya migodi ya BHP. Ngati mantha otaya ndalama akanakhala okwanira, kampani yomwe inali itangoona ngozi yoyambayo ndi maso ake ikanakhala yomaliza kugwa m'yachiwiri. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Ndalama yopulumutsidwa posakonza damu imaoneka chaka chino, m'lipoti lomwe bwana wa lero adzayamikiridwe nalo, pomwe ngozi ndi chinthu chomwe mwina chidzachitika, mwinanso ayi, ndipo chikhoza kudzagwera bwana wina patapita zaka khumi. Sipafunika munthu woipa mtima kuti asankhe molakwika m'malo otere. Munthu wamba wofuna kusunga ntchito yake amakwanira.

Pamenepa ena amayankha kuti makampani sadziyeza okha, amalemba akatswiri ochokera kunja. Izi n'zoona, koma funso ndi lakuti wolemba ndi kulipira katswiriyo ndani. Damu la ku Brumadinho linali ndi chikalata chotsimikiza kuti ndi lolimba, chosainidwa mu Seputembala 2018 ndi nthambi ya ku Brazil ya kampani ya ku Germany yotchedwa TÜV SÜD, dzina lodziwika padziko lonse pa ntchito zoyeza. Patatha miyezi inayi damulo linagumuka, ndipo mu 2020 oimira boma pa milandu anatsegulira mlandu anthu 16 ochokera m'makampani a Vale ndi TÜV SÜD. Mmodzi mwa mainjiniya omwe anasaina anauza apolisi kuti anaona kuti akukakamizidwa kutero. Kaya makhoti adzamaliza bwanji nkhaniyi, kapangidwe ka ubale umenewu nkolakwika kuyambira pachiyambi. Tiganizire mwini mabasi yemwe waloledwa kusankha yekha munthu woyeza mabuleki a mabasi ake, kumulipira yekha, ndi kumuchotsa ntchito akalemba zosamusangalatsa. Woyezayo akhoza kukhala wophunzira kwambiri ndi wachilungamo, koma akudziwa kuti akakana basi ziwiri, chaka chamawa ntchitoyo ipita kwa mnzake wofewa dzanja. Palibe wokwera basi yemwe angavomere dongosolo lotere atalidziwa, ndipo wokwera basi ali ndi mwayi wosankha kusakwera. Munthu wokhala kumunsi kwa damu alibe mwayi umenewo, chifukwa nthawi zambiri damulo linamupeza ali kale pamalo pakepo.

N'chifukwa chake ndikuti ndalama yoyezera ichokere ku kampani, inde, koma idutse m'thumba loyang'aniridwa ndi ofesi ya boma, ndipo ofesiyo ndi yomwe isankhe woyeza kuchokera pa mndandanda wa akatswiri ovomerezeka, n'kumawasintha pakapita zaka zingapo. Lipoti lifike kwa woyang'anira wa boma tsiku lomwe lafika kwa kampani, lisanadutse m'manja mwa aliyense wofuna kufewetsa mawu. Zipangizo zoyezera kuchuluka kwa madzi m'kati mwa khoma, zomwe madamu ambiri akuluakulu ali nazo kale, zizitumiza manambala ake kwa onse awiri. Ndipo injiniya yemwe waona choopsa akhale ndi udindo wa lamulo wokanena ku boma, kuti kunenako kusaoneke ngati kupereka bwana wake.

Mfundo yachiwiri ya otsutsa ndi yakuti makampani a migodi anaphunzirapo kanthu ndipo anadziikira okha malamulo okhwima. Akunena za muyezo wa padziko lonse wa kasamalidwe ka matope a migodi, womwe unatuluka mu Ogasiti 2020 pansi pa mgwirizano wa bungwe la makampani a migodi la ICMM, nthambi ya United Nations yoona za chilengedwe ndi bungwe la osunga ndalama m'makampani la PRI. Muyezowu ndi wabwino, ndipo sindikufuna kuupeputsa. Umafuna kuti pakhale mkulu wa kampani yemwe ayankhe ndi dzina lake pa damu lililonse, kuti pakhale akatswiri oima paokha owunika madamu oopsa kwambiri, ndiponso kuti anthu okhudzidwa azifunsidwa ndi kuuzidwa zoona. Komabe ndi muyezo wotsatiridwa mwa kufuna kwa munthu. Omwe analonjeza kuutsatira ndi makampani akuluakulu ochepa a m'bungwe la ICMM ndi ena odzipereka okha, pomwe madamu a matope padziko lapansi alipo masauzande ambiri, ndipo ochuluka ali m'manja mwa makampani omwe sali m'bungwe lililonse ndipo sagulitsa masheya pamsika woti wina angawafunse mafunso. Jagersfontein ndi chitsanzo chake. Kampani yaikulu ya dayamondi ya De Beers inasiya kukumba kumeneko kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo mu 2010 inagulitsa malowo pamodzi ndi milu ya zotsalira kwa anthu ena omwe anayamba kuzisefanso kufunafuna dayamondi wotsalira. Umu ndi momwe zimayendera kawirikawiri: mgodi ukakalamba ndipo phindu likachepa, kampani yaikulu imaugulitsa kwa yaing'ono, ndipo damu limasamukira m'manja mwa yemwe ali ndi ndalama zochepa ndi akatswiri ochepa, pa nthawi yomwe lili lalitali ndi lodzadza kuposa kale lonse. Muyezo wodzifunira sumufikira mwini wotereyu. Lamulo la dziko ndilo lingamufikire, ndiye zabwino zonse za m'muyezowo zilembedwe m'lamulo ndi m'chilolezo cha mgodi uliwonse.

Chachitatu, ndipo ichi ndi chomwe andale amakonda kunena, akuti malamulo okhwima amathamangitsa obweretsa ndalama ndi ntchito. Dziko lofuna chitukuko, iwo amatero, lisamaike zipsinjo zomwe dziko loyandikana nalo siliika, pakuti walira mvula walira matope. Nkhawa imeneyi ndimaimva, chifukwa ntchito za mumgodi zimadyetsa mabanja enieni, ndipo dziko lapansi likufuna kopa, lithium ndi miyala ina yochuluka kuposa kale. Koma mbiri siigwirizana ndi mantha amenewa. Dziko la Chile linaletsa njira ya upstream mu 1970, chivomezi cha mu 1965 chitagumula madamu a mgodi wa El Cobre n'kupha anthu oposa 200. Padutsa zaka zoposa 50 ndipo Chile ikadali dziko lotulutsa kopa wambiri kuposa lina lililonse. Brazil inaletsa njira yomweyo pambuyo pa Brumadinho, ndipo migodi ya chitsulo kumeneko sinatsekedwe. Kampani imapita komwe kuli mwala, ndipo chomwe imaopa kwambiri ndi malamulo osinthasintha ndi ziphuphu, kuposa lamulo lokhwima koma lomveka lomwe likukhudza onse mofanana.

Kuwonjezera apo, onena za mtengo wa malamulo amawerengera mbali imodzi yokha. Mtengo wa damu losalimba ulipo ndithu, kungoti umalipidwa ndi anthu ena. Damu la Fundão litagumuka pa 5 Novembala 2015, linapha anthu 19, linakwirira mudzi wa Bento Rodrigues, ndipo matope ake anatsata mtsinje wa Doce mtunda woposa makilomita 600 mpaka kukafika m'nyanja ya Atlantic. Asodzi anasiya kusodza, matauni anasowa madzi akumwa, ndipo anthu a mtundu wa Krenak anataya mtsinje womwe moyo ndi chipembedzo chawo zinkadalira. Mgwirizano waukulu wa chipukuta misozi pakati pa boma la Brazil ndi makampaniwo unasainidwa mu Okutobala 2024, patatha pafupifupi zaka 9, ena mwa oyembekezera atamwalira kale. Ku Zambia, mu Febuluwale 2025, damu la kampani ya Sino-Metals Leach Zambia ku Chambishi linataya madzi a asidi omwe anakalowa mumtsinje wa Kafue. Nsomba zinafa, mbewu za m'mphepete mwa madzi zinapsa, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi a m'mipopi kwa kanthawi. Msodzi wa pa Doce kapena mlimi wa m'mbali mwa Kafue nayenso ali pa ntchito, ndipo ntchito yake sinawerengedwe pomwe ankawerenga ntchito zomwe mgodi wabweretsa. Madzi akatayika saoleka, ndipo palibe ndalama yomwe imabwezeretsa mtsinje m'chaka chimodzi.

Izi zikutifikitsa pa chikole, chomwe kwa ine ndi mtima wa nkhani yonseyi. Mgodi umakhala zaka 20 kapena 40, koma matope ake amafuna kuyang'aniridwa kwa nthawi yomwe palibe angaione mapeto ake. Kampani ndi chinthu chomwe chimatha kufa papepala. Ku Canada, kampani ya Royal Oak Mines inagwa mu 1999 n'kusiyira boma mgodi wa golide wa Giant pafupi ndi Yellowknife, womwe pansi pake pali matani 237,000 a fumbi la arsenic. Ntchito yokonza malowo ikuyembekezeka kudya ndalama zoposa mabiliyoni 4 a madola a ku Canada, zonsezo kuchokera m'misonkho ya anthu. Ku Spain, damu la mgodi wa Los Frailes ku Aznalcóllar linagumuka mu Epulo 1998 n'kuthira matope a asidi kufupi ndi malo otetezedwa a Doñana. Nthambi ya kampani ya Boliden yomwe inkayendetsa mgodiwo inadzatsekedwa, boma linayeretsa ndi ndalama zake, ndipo mu 2023 khoti la ku Seville linakana pempho la boma la chigawo cha Andalusia loti libwezeredwe ndalamazo. Awa ndi maiko olemera, okhala ndi maloya ndi makhoti amphamvu, komabe analephera kutolera ndalama pambuyo pake. Choncho nthawi yokhayo yomwe boma lili ndi mphamvu yeniyeni pa kampani ndi pomwe kampaniyo ikupempha chilolezo. Chikole chiperekedwe pamenepo, chikhale ndalama yeniyeni kapena chitsimikizo cha banki yodalirika, osati lonjezo la kampani yomweyo, ndipo chiziwerengedwanso nthawi iliyonse khoma likakwezedwa. Mgodi ukagulitsidwa, wogulitsayo asamasuke mpaka wogula ataika chikole chake chonse.

Ena adzati chikole chotere chidzatsekera kunja makampani ang'onoang'ono, n'kusiya migodi m'manja mwa zimphona zokha. Pali choonadi pamenepa. Boma likhoza kuchepetsa ululuwo polola kuti chikole chizikula limodzi ndi damu, ndi pochepetsa chikole cha yemwe wasankha kusunga matope ouma. Koma ngati kampani singakwanitse kulipirira kutseka damu lomwe ikufuna kumanga, ndiye kuti mgodiwo phindu lake likudalira kuti wina adzalipire m'malo mwake, ndipo chilolezo chotere sichiyenera kuperekedwa.

Mfundo yolimba kwambiri ya otsutsa ndaisungira pano. Iwo amafunsa kuti: boma lomwe mukulidalirali ndi liti? Maboma ambiri alibe mainjiniya odziwa za madamu a matope, omwe alipo amalipidwa pang'ono poyerekeza ndi anzawo a kumakampani, ndipo woyang'anira wa boma naye amatha kugulidwa. Amakumbutsanso kuti umwini wa boma sunateteze aliyense ku Aberfan, ku Wales, komwe pa 21 Okutobala 1966 mulu wa zotsalira za mgodi wa malasha unatsetsereka n'kukwirira sukulu, kupha anthu 144, mwa iwo ana 116. Mgodiwo unali wa bungwe la boma la National Coal Board. Zonsezi ndi zoona. Koma Aberfan ikutsimikiza mfundo yanga m'malo moigwetsa, chifukwa kumenekonso mwini muluwo ndiye ankadziyang'anira yekha, ndipo panalibe lamulo lokhudza chitetezo cha milu yotere mpaka mu 1969. Sindikupempha kuti boma lilande madamu. Ndikupempha kuti mwini ndi woweruza akhale anthu awiri osiyana, kaya mwiniyo ndi kampani kapena boma. Pa chifukwa chomwecho, ofesi yoyang'anira chitetezo isakhale pansi pa unduna womwe ntchito yake ndi kukopa makampani a migodi. Damu la Mount Polley m'chigawo cha British Columbia ku Canada litagumuka mu Ogasiti 2014, mkulu wowunika kayendetsedwe ka boma m'chigawocho anapeza mu 2016 kuti kuyang'anira migodi kunali kofooka, ndipo analangiza kuti ntchitoyo ichotsedwe mu unduna womwe umalimbikitsanso migodi. Za kusowa kwa akatswiri, yankho lake ndi ndalama ya chilolezo yokwanira kulemba akatswiri, ngakhale ochokera kunja, ndipo maiko oyandikana omwe amamwa mtsinje umodzi akhoza kukhala ndi gulu limodzi la oyeza. Boma lofooka limafunika kulimbitsidwa. Kufooka kwake sikungakhale chifukwa chobwezera chigamulo kwa mwini damu.

Ndipo pali njira imodzi yotchipa yochepetsera ziphuphu, yomwe ndi kuika zonse poyera. Apanso pali otsutsa. Akuti malipoti a mainjiniya ndi ovuta kumva, anthu wamba adzangochita mantha, mitengo ya nyumba idzagwa, ndipo zinsinsi za malonda zidzaululika. Kunena zoona, mfundo iyi imandipweteka mtima kuposa zina zonse, chifukwa ikutanthauza kuti munthu asauzidwe za chinthu chomwe chingamuphe kuopa kuti angade nkhawa. Ku Bento Rodrigues kunalibe sayirini yochenjeza anthu. Ambiri anapulumuka chifukwa anthu anachenjezana okha, kuphatikizapo mayi wina yemwe anathamanga pa njinga yamoto akukuwa m'mudzimo kuti damu laphulika. Ku Brumadinho masayirini analipo koma sanalire. Ku Merriespruit, m'chigawo cha Free State ku South Africa, damu la mgodi wa golide linagumuka usiku wa pa 22 Febuluwale 1994 mvula yamphamvu itangogwa, n'kupha anthu 17 m'nyumba zomwe zinali pafupi kwambiri ndi khoma. Kafukufuku anapeza kuti m'damumo munkathiridwabe matope ndi madzi ngakhale linali litaimitsidwa kale. Munthu safunika digiri kuti amve zinthu zitatu: matope adzafika pati damu likagumuka, adzatenga mphindi zingati, ndipo athawire kuti. Mapu oonetsa zimenezi apachikidwe m'sukulu ndi m'zipatala za m'deralo m'chilankhulo cha anthuwo, sayirini iziyesedwa anthu akudziwa, ndipo pamalo pomwe matope angafike m'mphindi zochepa kwambiri moti munthu sangathawe, pasakhale nyumba, ofesi kapena chipinda chodyera. Ngati nyumbazo zinalipo kale, kusamutsa anthu mwaulemu ndi gawo la mtengo wa mgodiwo. Kulimba kwa khoma si chinsinsi cha malonda ngati mmene zilili njira zosefera miyala, pakuti palibe wopikisana naye pamsika yemwe angapindule podziwa kuchuluka kwa madzi m'khoma la mnzake. Lipoti lomwe mtolankhani, mphunzitsi wa payunivesite kapena injiniya wopuma pa ntchito angaliwerenge limavuta kulipotoza, ndipo woyang'anira yemwe akudziwa kuti siginecha yake idzaonedwa ndi anthu amaganiza kawiri asanasaine.

Patsala madamu omwe anthu amawaiwala, a migodi yomwe inasiya kugwira ntchito. Damu la ku Brumadinho linali litasiya kulandira matope kuyambira mu 2016, komabe linagumuka. Udzu ukamera pakhoma, anthu amayamba kuliona ngati phiri lachilengedwe, ena n'kumanga m'munsi mwake, pomwe ngalande zotulutsa madzi zikutsekeka pang'onopang'ono ndipo mvula yomwe ikugwa m'madera ambiri ikuposa yomwe omanga anawerengera zaka 40 zapitazo. Lamulo lomwe likuyang'ana migodi yogwira ntchito yokha likusiya kunja madamu amenewa, ngati mmene chigamulo cha 2007 chinasiyira Jagersfontein pakati pa maunduna. Pambuyo pa Brumadinho, osunga ndalama za penshoni, motsogozedwa ndi bungwe la penshoni la Church of England ndi anzawo a ku Sweden, anachita kulembera makalata makampani mazanamazana kuwafunsa kuti ali ndi madamu angati, ali kuti, ndipo anamangidwa motani, chifukwa kaundula wotere kunalibe, ndipo makampani ambiri sanayankhe. Boma lililonse lili ndi mphamvu yomwe osunga ndalamawo analibe, yolamula kuti damu lililonse, logwira ntchito kapena losiyidwa, lilembedwe m'kaundula wapoyera wosonyeza mwini wake, kutalika kwake, njira yomwe linamangidwira, tsiku lomwe linayezedwa komaliza ndi chiwerengero cha anthu okhala kumunsi kwake. Damu lomwe mwini wake sakupezeka lilowe m'manja mwa ofesi imodzi yodziwika, ndipo ndalama yoliyang'anira ichokere pa msonkho wapadera wa migodi yomwe ikugwira ntchito lero.